Agogo Osunga Mbewu

M'midzi yathu ya ku Angónia muli amayi amene mbiri yawo simveka pa wailesi. Pa msonkhano sakhala pa mpando, amakhala pa mphasa. Koma mudzi umaima chifukwa cha iwowo. Lero tiwerenga za mmodzi wa amayi otere, membala wa koperativa yathu. Dzina lawo sitilemba. Kwathu kuno munthu wamkulu satchulidwa dzina ngati mwana. Tonse timangoti Agogo.

Ubwana ndi ukwati

Agogo anabadwa nthawi ya Apwitikizi, m'mudzi wa pafupi ndi phiri la Dómuè. Anabatizidwa ku mishoni ya Lifidzi. Katekisimu anaphunzira ndi makutu okha: aphunzitsi anena, ana abwereza. Mapemphero ndi nyimbo analoweza zonse pamtima, koma cholembera sanachigwirepo. Makolo ankati sukulu ya mwana wamkazi ndi mtondo ndi khasu.

Anakwatiwa akadali mtsikana. Masiku amenewo amuna ambiri ankapita ku mafamu a ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho. Amuna awo anapitanso. Munda, mbuzi ndi ana zinatsala m'manja mwa mkazi. Kalata ikabwera, Agogo ankayenda nayo mpaka kwa akatekisiti kuti akawawerengere. Nkhani za m'nyumba zinkamveka ndi munthu wapadera. Zimenezi zinkawapweteka mtima.

Anabereka ana 8. Atatu anawaika m'manda akadali aang'ono. Tsiku lotsatira kusesa maliro, Agogo ankanyamula khasu n'kupita kumunda, pakuti udzu sudikira wolira.

Pemphero ndi khasu

Agogo amadzuka tambala akalira kachiwiri. Amagwada pa mphasa, apemphera, ndiye asonkha moto. Dzuwa limawapeza ali kumunda. M'munda mwawo chimanga sichikhala chokha ayi. Pakati pake pali nyemba, ndipo pansi payanga maungu. Nyemba zimasiya chonde m'nthaka. Masamba a maungu amaphimba pansi, udzu sumera msanga, ndipo nkhwani ndi ndiwo. Mapesi sawotcha, amawakwirira m'mizere. M'chilimwe amatsikira kudimba kukathirira mbatatesi, kabichi ndi mpiru.

Lamulungu sagwira khasu, ngakhale ntchito ithine bwanji. Ansembe akabwera amamva Misa. Akapanda kubwera, amapemphera ndi anzawo a mu mphakati. Madzulo amayendera odwala, ali ndi kambale ka ufa m'chitenje. Nthawi ya masika amapatula dengu la chimanga la ku tchalitchi.

Koma musaganize kuti Agogo amangopinda manja kudikira zakumwamba. Iwo amakonda kunena kuti Mulungu amagwetsa mvula, koma sapalira munda wa munthu. Mwana akadwala amamupempherera ali m'njira yopita kuchipatala.

Kuphunzira kuwerenga

Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. M'chaka cha 1978 inayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kulemba. Agogo analowa nawo, ali ndi mwana kumsana. Ena ankaseka kuti kodi ntchembere ikufuna kukhala kalaliki? Iwo sanabwerere.

Zinali zovuta, pakuti maphunziro a nthawi imeneyo anali m'Chipwitikizi, chiyankhulo chimene kumudzi sitinkachiyankhula. Komabe anagwira zilembo ndi manambala. Tsiku lina anatsegula kabuku kawo ka mapemphero a Chinyanja, n'kuyamba kulumikiza zilembo chimodzichimodzi. Anapeza kuti mawu amene ali papepala ndi omwe aja anali nawo pamtima chiyambire ubwana. Kuyambira pamenepo kabukuko kanakhala mphunzitsi wawo wachiwiri. Kalata anayamba kuwerenga okha. Pogulitsa nyemba anayamba kuyang'ana okha nambala ya pa sikelo.

Zaka za nkhondo

Cha m'ma 1986 nkhondo inafika poopsa kuno ku Angónia. Midzi inathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1992 anthu a ku Mozambique amene anali ku Malawi anakwana pafupifupi 1 miliyoni.

Wothawa nkhondo sasankha katundu. Agogo anatenga mwana, mphika, korona ndi kabuku kaja. Anatenganso kansalu kamfundo zitatu: mfundo ya chimanga cha makolo, ya nyemba ndi ya nthanga za maungu. Njala inawawa m'njira, koma mfundozo sanamasule.

Ku Dedza ankadya ufa wolandira. Anapempha kamalo kuseri kwa nyumba ya mkhristu mnzawo, n'kubzala mizere yochepa. Sankabzalira kudya. Ankadziwa kuti mbewu ikakhalitsa osabzalidwa imafa. Chaka ndi chaka ankabzala, kukolola, n'kumanganso mfundo. Amuna awo anamwalira komweko.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, chaka cha chilala chachikulu. Anthu atabwerera kwawo anapeza minda yasanduka tchire, nkhokwe zapsa. Ambiri analibe ngakhale njere imodzi. Agogo anagawa mbewu yawo mbale imodziimodzi. Sanafunse kuti uyu ndi wa mpingo uti, kapena anali mbali iti pa nkhondo. Anangopempha kuti wolandira akakolola agawireko mnzake. Chimanga cholimba chija, chosindika bwino ndi chosafumbwa msanga, chimene ambiri tili nacho m'nkhokwe lero, chinachokera m'kansalu kameneko.

Mmene Agogo amasungira mbewu

Tinakhala nawo pakhonde, ndipo alangizi a zaulimi analipo. Izi ndi zimene tinagwirizana kuti tilembe.

1. Sankhani mbewu m'munda musanakolole. Lowani pakati pa munda, osati m'mphepete, pakuti cha m'mphepete chimasakanikirana ndi cha mnzanu. Funani phesi lolimba, lopanda matenda, ndi chimanga chofundidwa bwino ndi makoko mpaka kunsonga.

2. Musasankhe pa mapesi 5 kapena 10 okha. Sankhani pa mapesi ambiri. Mbewu yochokera ku mapesi ochepa imafooka zaka zikamapita.

3. Umitsani bwino padzuwa, pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma. Tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi.

4. Potonola tengani njere za pakati. Za kunsonga ndi za kutsinde zipite ku mtondo.

5. Tetezani mbewu ku anankafumbwe. Agogo amamanga chimanga chambewu ndi makoko ake n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzichifika. Nyemba amazisakaniza ndi phulusa losefa. Mbewu youma bwino mungaisungenso m'chigubu chodzaza, chotsekedwa kuti mpweya usalowe. Tizilombo timafera momwemo.

6. Yesani mbewu mvula isanagwe. Werengani njere 100, muzibzale pa kamalo konyowa pafupi ndi nyumba, muzithirira. Pakatha masiku 7 werengani zimene zamera. Zikakwana 80 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikachepa kwambiri, funani ina nthawi ikadalipo.

7. Chimanga cha haibridi chimabereka kwambiri chikapeza feteleza, koma si chosunga. Mukabzala chimene munakolola, zokolola zimatsika. Gulani chatsopano chaka chilichonse, ndipo werengani zimene zalembedwa pa thumba. Mbewu yopakidwa mankhwala, yofiira kapena yobiriwira, sadya, ndipo sapatsa nkhuku.

Onani, anzathu: kuti tiwerenge njere 100 ndi zolemba za pa thumba, tikufunika sukulu ino. Kuwerenga ndi ulimi zimayendera pamodzi.

Mawu awo pa msonkhano

Chaka china ogula anabwera msanga, chimanga chikadali pa mkukwe. Anthu analibe ndalama, ndipo achinyamata ena anati tigulitse chonse, mbewu tidzagula. Agogo anapempha mwayi woyankhula. Anatikumbutsa kuti chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, n'kudzakwera mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zatha. Anatifunsa kuti ndani wa ife adzakhala ndi ndalama ya mbewu mu Novembala. Pabwalo panati zii.

Dongosolo lawo ndi ili: poyamba patulani mbewu. Kenako chakudya cha chaka chonse. Kenako gawo la Mulungu ndi la osowa. Chotsala ndicho chogulitsa. Si tonse amene timapemphera kumene Agogo amapemphera, ndipo ena sapemphera konse. Koma pa mbewu ndi chakudya tinamvana. Tinamanga nkhokwe ya mbewu ya koperativa. Wobwereka mbale imodzi amabweza ziwiri, ndipo zonse zimalembedwa m'kaundula.

Agogo lero

Tsopano msana wapindika, maso achita chidima. Akulera zidzukulu 3, ana a mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Onse amapita kusukulu, atsikana ndi mnyamata yemwe. Madzulo mdzukulu wamkulu ndiye amawawerengera kabuku ka mapemphero. Akaphonya mawu, Agogo amamukonza osayang'ana papepala.

Chaka chino sanathe kuyenda m'munda monse kusankha mbewu. Anakhala pa chulu, n'kumatuma zidzukulu. Chimanga chilichonse ankachigwira ndi manja, kuchiyeza kulemera, kuchisisita kunsonga. Ichi inde. Ichi ayi, chikadyedwe.

Nzeru imeneyi ili m'manja mwawo, ndipo manjawo akutopa. M'mudzi uliwonse muli agogo otere. Ife amene tayamba kugwira cholembera tipite kwa iwo akadali moyo. Tiwafunse maina a mbewu, nthawi yobzala ndi kasungidwe kake, n'kulemba m'kope. Tikatero tiwatengereko mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi.

Mafunso okambirana

1. Agogo anatenga chiyani pothawa nkhondo? Chifukwa chiyani sanadye mbewuyo?

2. Mwa njere 100 zamera 62. Kodi zalephera zingati? Inu mungabzale mbewu imeneyo?

3. Lembani maina a mbewu 5 za makolo zimene zikupezeka m'mudzi mwanu, ndipo mukambirane kuti azisunga ndani chaka chino.