Ululu Umene Umafika Mkuja

Iwo amene anaonererapo mpikisano wa amtengatenga wa pa phiri la Mulanje, umene umayambira pa Likhubula, adziwa kuti wothamanga amene wafika pansi akuseka, ndi yemweyo amene mkuja adzatsika pakhonde chammbali atagwirira mzati, ntchafu zili gwaa. Ndipo ine, amene ntchito yanga ndi ya physiotherapy, yothandiza ziwalo zovulala kuyambiranso kugwira ntchito, ndimafunsidwa kawirikawiri chimene chimachedwetsa ululuwo chotere.

Ambiri amaloza chala lactic acid, komatu ameneyu alibe mlandu, pakuti amatha m'magazi pasanapite maola awiri munthu atapumula. Mwini mlandu ndi kutsika. Pokwera, mnofu umafupika pamene ukukoka. Koma potsika, mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu umakakamizidwa kutalika uli chigwirire, kuti bondo lisagonje ndi kulemera kwa thupi, ndipo pamenepo tiulusi tina ta m'kati mwake, tosaoneka ndi maso, timang'ambika. Theodore Hough wa ku America ananena kale m'chaka cha 1902 kuti ululu wotere umachokera ku kung'ambika kwa m'kati mwa mnofu.

Tsono kung'ambikako pakokha sikupweteka kwenikweni, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pakapita maola ochepa, maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amathamangira pamalopo. Pambuyo pake amafika ena otchedwa macrophage, amene amameza zonse zowonongeka. Madzi amasonkhana, mnofu umatupa, ndipo mankhwala amene thupi limatulutsa pa ntchito yoyeretsayi amadzutsa mitsempha ya ululu, kotero kuti kupweteka kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, kenaka n'kuzilala sabata lisanathe. Nthawi yomweyo maselo ena, amene amagona chete m'mphepete mwa kaulusi kalikonse, amene Alexander Mauro anawaona mu mnofu wa chule m'chaka cha 1961 nawatcha satellite, amadzuka, nachulukana, nalowa m'kaulusi kovulalako kukakamanganso. Indetu chimandizizwitsa kufikira lero n'chakuti mnofu umenewo, ukakumananso ndi phiri lomwelo patapita milungu ingapo, suvulalanso monga poyamba, ndipo chitetezo chimenechi chimakhalapo kwa miyezi.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona mnyamata akumeza mankhwala a ululu a ibuprofen ambirimbiri kuti abwerere msanga pabwalo. Walira mvula walira matope: wofuna nyonga alole thupi ligwire ntchito yake, adye nyemba, usipa kapena mazira, agone mokwanira, ayende pang'onopang'ono magazi azungulire, ndipo ntchito yachilendo aiyambe mochepa. Kusisita kumatonthoza, ndipo sindikuletsa, ngakhale kumanga kwenikweni kumachitika m'kati.

Koma pali malire amene ndikupemphani, owerenga anga, musawaderere. Mnofu ukawonongeka kopitirira muyeso, makamaka pa dzuwa loswa mtengo munthu asanamwe madzi okwanira, umatayira m'magazi chinthu chotchedwa myoglobin, chimene chimavulaza impso. Ndipo mankhwala a ululu aja angathe kuwonjezera vutolo. Mukaona mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, kapena wachepa kwambiri, miyendo itatupa ndi kufooka koposa masiku onse, musadikire kuti kuche: pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukawafotokozere adokotala ntchito imene munagwira, akuyezeni magazi ndi mkodzo.