Galu wa Msilikali pa Kanema: Kodi Ana Tiwauze Chiyani?

Tsiku lina titamaliza darasa la madzulo kuno ku Ndunde, mnyamata wina anakweza dzanja. Anali ataonera filimu ya nkhondo kunyumba ya vidiyo pamsika. "Mwalimu," iye anatero, "galu uja anapulumutsa asilikali. Nanga bwanji ife timati galu ndi najisi?" Funso limeneli lidzafikanso pakhomo panu, makolo anzanga, choncho ndi bwino likupezeni mutakonzeka.

Filimuyo dzina lake ndi Megan Leavey, ya m'chaka cha 2017, ndipo nkhani yake inachitikadi. Leavey anali msilikali wamkazi wa ku America amene ankayenda ndi galu wotchedwa Rex, wonunkhiza mabomba ku Iraq. Mu 2006 bomba linawaphulikira onse awiri ku Ramadi, ndipo anavulala. Atasiya usilikali, mayiyu analimbana ndi akuluakulu kuti amupatse galuyo, mpaka anamulandira mu 2012. Rex anafa chaka chomwecho.

Mafilimu otere alipo angapo, monga Max wa 2015 ndi Dog wa 2022. Amakonda kuonetsa chikondi cha msilikali ndi galu wake, koma zowawa zina sazitchula. Pankhondo ya ku Vietnam, America inagwiritsa ntchito agalu pafupifupi 4,000, koma amene anabwerera kwawo anali pafupifupi 200 okha. Lamulo lolola kuti galu wopuma ntchito ya usilikali aleredwe pakhomo linadza mu 2000.

Ntchito ya agalu amenewa siyakutali ndi ife. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, abale athu amene anathawira kuno anabwerera kukapeza minda ndi njira zili ndi mabomba okwirira. M'chigawo cha Tete, bungwe la Norwegian People's Aid linagwiritsa ntchito agalu ophunzitsidwa, amene amamva fungo la wonga pansi pa nthaka n'kukhala pansi kuti adziwitse mbuye wawo. Mu 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika.

Tsono mwana timuyankhe bwanji? Timuuze zoona zonse. M'madhihabu a Imam Shafi, amene ambiri timatsatira kuno, chimene galu wanyambita chimatsukidwa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi. Ili ndi lamulo la ukhondo, ndipo n'chifukwa chake sitigona ndi galu pamphasa monga achitira m'mafilimu. Koma si chilolezo cha nkhanza. Surat Al-Maida imalola nyama yogwidwa ndi galu wophunzitsidwa kusaka. Surat Al-Kahf imatchula galu wa anyamata a kuphanga. Ndipo Mtumiki (S.A.W.) anatiuza za munthu amene Allah anamukhululukira chifukwa chomwetsa madzi galu waludzu.

Ndaonapo ana athu akugenda galu wodzidutsira, uku akuganiza kuti akutumikira Dini. Kulakwa n'kwathu akuluakulu, chifukwa tinawaphunzitsa za najisi n'kuiwala za chifundo.

Mwana akabwera ndi nkhani ya filimu, musamukalipire. Khalani naye pakhonde, mumufunse zimene waona, mumuuzenso za agalu a ku Tete. Ndipo ngati muli ndi galu wolondera mbuzi kapena munda, m'mawa mutume mwana yemweyo akamuikire madzi m'mbale yakeyake. Akabwerako, asambe m'manja monga mwa lamulo.