Tinyanga ta Kacirombo ka m'Anyezi

Kapena mwaonapo masamba a anyezi wanu atatuwa, ali ndi timizere tonga siliva. Wocita zimenezi ndiye kacirombo kochedwa thrips, kamene kutalika kwace sikufika mamilimita 2. Nanga kanthu kocepa cotere kadziwa bwanji kuti pano pali anyezi?

Nzeru yace iri pa tinyanga tace tiwiri. Kanyanga kali konse kali ndi mfundo 7, zolumikizana monga za nzimbe. Pa mfundo yacitatu ndi yacinai pamera kamphanda konga ka legeni. Khungu la kamphandako liri ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Pfungo la masamba likalowa m'menemo, mitsempha ya m'kati ipereka mau ku ubongo. Imeneyo ndiyo mphuno yace, pakuti mphuno yonga yathuyi kalibe. Palinso tiubweya tokhudzira, ndi tina tolawira tsamba kasanaliboole ndi kuyamwa madzi ace.

Akatswiri a za ulimi nawonso ayang'ana pomwepo. Aika kaciromboko pansi pa galasi lokuza zinthu, nawerenga mfundo zija, pofuna kudziwa mtundu wace. Si nchito yacabe iai. Mtundu wina, wocokera kumadzulo kwa America, uli nazo 8. Umenewo ufalitsa nthenda yofotetsa matimati, ndipo mankhwala ambiri opopera alephera kuupha.