Kobiri la bowo pakati: musafulumire kugulitsa

Nyengo yosoza ikafika, khasu limafukula zambiri m'minda ya ku Milange: mapale, mikanda, ndipo mwina kandalama kachitsulo kokhala ndi bowo pakati. Wochitola amayamba kuganiza kuti mwayi wamugwera, makamaka wina akamunong'oneza kuti ndi ndalama yakale ya ku China. Apa mpamene munthu amapusitsidwa, pogula kapena pogulitsa.

Choyamba kuyang'ana ndi bowolo. Likakhala lozungulira, ndalamayo ili ndi njovu ziwiri ndi zilembo za Chingerezi, limenelo ndi kobiri la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, losulidwa pakati pa 1955 ndi 1963. Makobiri otere sadabwitsa kuno chifukwa malire a Muloza ali pafupi.

Ndalama yakale ya ku China ndi yosiyana. Bowo lake lili ndi ngodya zinayi, ndipo kale ankazitunga pachingwe ngati mikanda. Zambiri ndi zamkuwa wosungunula ndi kuthira m'chikombole. Palibe mutu wa mfumu kapena chaka cholembedwa m'manambala. Pali zilembo zinayi zozungulira bowo. Pa ndalama zambiri, chilembo cha pamwamba ndi cha pansi ndizo zimatchula ulamuliro wa mfumu, ndipo akatswiri amadziwira pamenepo zaka zake. Kumbuyo kukakhala zilembo zopotanapotana za Chimanchu, ndiye kuti ndi ya ufumu wa Qing, umene unalamulira kuyambira 1644 mpaka 1912.

Kodi ndalama zotere zinafikadi ku Africa? Inde. M'chaka cha 1945 mlimi wina ku Kajengwa, pa chilumba cha Zanzibar, anafukula ndalama za ku China zoposa 100, zambiri za ufumu wa Song (960 mpaka 1279). Mu 2013 akatswiri analengeza kuti apeza ndalama ya mfumu Yongle, ya m'zaka zoyambirira za m'ma 1400, pa chilumba cha Manda ku Kenya. Kumtunda kuno nako katundu wa ku China ankafika: ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la Amaravi, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula zidutswa za mbale zadothi za ku China pamodzi ndi mikanda ya galasi.

Koma ukale wa chinthu si mtengo wake. Mafumu ngati Qianlong (1736 mpaka 1795) anasula ndalama zankhaninkhani, kotero kuti zambiri mwa izo zimagulidwa motchipa ngakhale kunja. Zodula ndi zosowa zokha, ndipo wozizindikira ndi katswiri. Ziliponso zongotengera, zopangidwa masiku ano n'kumangidwa ndi ulusi wofiira ngati chithumwa cha mwayi. Zimenezi zimanyezimira ndipo zimafanana ndendende. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Wopeza ndalama m'nthaka asaikwecheze ndi phulusa, mchenga kapena mandimu, chifukwa kutero kumafufuta zilembo ndi kugwetsa mtengo wake. Akumbukire malo enieni amene waipeza, asapitirize kukumba, ndipo adziwitse a mfumu kapena ofesi ya boma. Lamulo la dziko la Mozambique la nambala 10/88, la m'chaka cha 1988, limateteza zinthu zamakedzana ndipo limafuna kuti wopeza zotere anene kwa akuluakulu. Ku Maputo kulinso nyumba yosungiramo ndalama zakale, Museu Nacional da Moeda.

Ndalama imodzi yotsimikizika itapezeka m'munda wa m'tsinde mwa phiri la Tumbine, ingathe kuulula njira imene amalonda akale ankadutsa pochokera kunyanja. Ikagulitsidwa mwakabisira pamsika, mbiri imeneyo yatayika, ndipo wogulitsayo watsala ndi ndalama ya sopo yokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.