Chotupitsa Mkate Chili Ngati Mbewu

Ku Tsangano ndi ku Angónia, m'chigawo cha Tete, timalima tirigu. Kumapiri kuno kumazizira, ndipo tirigu amakonda malo ozizira. Koma ambiri a ife timagulitsa tirigu yense, kenaka nkukagula mkate kumsika. Timati yisiti ndi chinthu chogula, ndipo sitolo ili kutali. Anzathu, mkate umatupa ngakhale popanda yisiti wogula.

Tonse timadziwa thobwa. Likagona masiku awiri limawawasa ndi kuchita thovu. Ndani amagwira ntchito imeneyi? Ndi tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mu ufa wa tirigu tilimonso. Tina timatulutsa mpweya umene umatupitsa mkate. Tina timabweretsa kuwawasa, ndipo kuwawasako kumathandiza kuti mkate usachite chuku msanga.

Kuyambitsa chotupitsa sikuvuta, koma kumafuna kudekha. Timasakaniza kapu 1 ya ufa wa tirigu ndi theka la kapu ya madzi aukhondo. Timaika m'kamphika kapena m'botolo, nkuvundikira ndi kansalu. Botolo limene munali mankhwala a mbewu ayi, ngakhale titalitsuka chotani. Tsiku lililonse timachotsako theka, nkuonjezera ufa ndi madzi. Pakapita masiku 7 chimayamba kutupa bwino ndi kununkhira ngati thobwa. M'miyezi ya June ndi July chimachedwa. Tichiike pafupi ndi mafuwa, osati pamoto.

Sabata yathunthu ndi ufa wonsewo! Palibe chifukwa choti banja lililonse livutike chonchi. M'kooperativa nyumba imodzi ikhoza kuyambitsa, ena nkumadzapatsidwako. Supuni 2 zokha nzokwanira. Wolandira akazidyetsa ufa ndi madzi, mawa lake ali ndi chotupitsa chake. Ndipo chikafa kwa mmodzi, kwa mnzake chilipo. Nchifukwa chake sitifuna kuti chizikhala m'nyumba imodzi yokha. Wosungayo akapita kumaliro sabata yonse, mudzi wonse uyambirenso poyamba?

Pophika timatenga makapu 4 a ufa, kapu 1 ndi theka ya madzi, theka la kapu ya chotupitsa, ndi timasupuni 2 ta tiyi ta mchere. Tisanakande, tiyambe tapatula chotupitsa chotsalira m'kamphika, nkuchidyetsa. Mlimi sadya mbewu yonse. Mchere ndi anyezi zisalowe m'kamphikamo, izo nza mkate wokha.

Shuga sitithira. Uwu ndi mkate wodyera nyemba, ndiwo zamasamba kapena mazira. Timakazinga anyezi mmodzi ndi adyo pang'ono, zikazizira nkuzikandira mu ufa. Okonda tsabola athire. Ufa wa tirigu ukachepa tikhoza kusakaniza ndi mgaiwa, kapu 1 ya mgaiwa pa makapu 3 a tirigu. Tikapitirira pamenepo mkate umalemera ngati njerwa, chifukwa ufa wa chimanga ulibe ulimbo wogwira mpweya umene uli mu tirigu.

Timakanda madzulo kwa mphindi 10, nkuvundikira m'beseni usiku wonse. M'mawa timaumba mtanda umodzi, nkuusiya maola 2 kuti utupenso. Uvuni si wofunika. Timaphika monga tiphikira chikondamoyo: poto wachitsulo wopaka mafuta, makala pang'ono pansi, makala ambiri pachivundikiro. Pakatha mphindi 45 tiutulutse ndi kugogoda kunsi kwake. Ukalira ngati ng'oma, wapsa. Ana adikire kuti uzizire, pakuti wotentha umakhala wonyowa m'kati.

Nthawi zina pamwamba pa chotupitsa pamayandama timadzi totuwa. Sichinafe, chili ndi njala chabe. Tikhetse timadzito, tichidyetse. Koma tikaona chuku, kapena mawanga ofiira, titaye chonse, titsuke mphika ndi madzi owira, tikapemphe china kwa anzathu.

Nthawi yolima ndi yokolola ntchito imachuluka, ndipo kudyetsa tsiku ndi tsiku kumaiwalika. Pamenepo timapaka chotupitsa mopyapyala pambale yoyera, nkuchiumitsa pamthunzi. Chikauma timachiswa, nkuchisunga m'botolo lotseka bwino pamalo ouma. Chimakhala miyezi ingapo. Tikachifunanso timachiviika m'madzi ndi kuchidyetsa ufa kwa masiku 3 kapena 4, mpaka thovu litabwerera.