Madina: Mzinda Umene Mtumiki Anaupempherera

Chaka chilichonse, abale athu akamabwerera kuchokera ku Haji, amatigawira tende ndi madzi a Zamzam, ndipo nkhani zawo zambiri zimakhala za ku Madina. Mwina n'chifukwa chake ophunzira ena amayankha m'kalasi kuti kupita ku Madina ndi gawo la Haji. Sizili choncho. Mapemphero onse a Haji amachitikira ku Makka ndi malo oyandikana nawo: Mina, Arafat ndi Muzdalifa. Amene wachita Haji osafika ku Madina, Haji yake ndi yokwanira. Nanga ulemerero wa Madina ukuchokera pati? Yankho tikulipeza m'mahadisi a Mtumiki Muhammad (SAW).

Mzindawu uli m'dziko la Saudi Arabia, kumpoto kwa Makka, ulendo wa makilomita oposa 400 pamsewu. Kale unkatchedwa Yathrib. Mtumiki (SAW) anasamukira kumeneko m'chaka cha 622 chifukwa cha nkhanza za Akuraishi, ndipo msamuko umenewu, Hijra, ndi umene Khalifa Umar anadzausankha kukhala poyambira kalendala yathu. Mtumiki ankautchulanso mzindawu kuti Taba, dzina lonena za ubwino.

Masiku oyamba sanali ofewa. Imam Bukhari akusimba kuti Abu Bakr ndi Bilal atangofika anadwala malungo, Bilal n'kumakumbukira zigwa za kwawo ku Makka. Apo Mtumiki (SAW) anapempha Allah kuti awakondetse Madina monga mmene ankakondera Makka, kapena kuposa pamenepo, ndiponso kuti adalitse miyeso ya chakudya chake. Panthawi ina anapempha kuti madalitso a Madina akhale owirikiza kawiri a ku Makka.

Iye anaulengezanso mzindawu kukhala malo opatulika, pakati pa mapiri a Ayr ndi Thawr, monga mmene Mneneri Ibrahim anachitira ndi Makka. M'malire amenewo simusakidwa nyama, simudulidwa mitengo mwachisawawa, ndipo woyambitsamo zoipa anachenjezedwa za temberero. Mahadisi akutiuzanso kuti angelo amalondera njira zolowera mumzindawu, kotero kuti Dajjal sadzalowamo.

Pakati pa Madina pali Masjid Nabawi. Malo amene anamangapo mzikitiwu anali a ana amasiye awiri, Sahl ndi Suhail, pomwe ngamira ya Mtumiki inagwada. Anawo anafuna kupereka malowo ulere, koma Mtumiki (SAW) anakana, nawagula. Bukhari ndi Muslim onse akusimba kuti swala imodzi mumzikitiwu imaposa swala 1,000 za m'mizikiti ina, kupatula Masjid al-Haram wa ku Makka. Ndi umodzi mwa mizikiti itatu yokha imene munthu amaimangira ulendo pofuna madalitso a malowo; inayo ndi Masjid al-Haram ndi Masjid al-Aqsa wa ku Jerusalem. M'kati mwake muli Rawda, malo a pakati pa nyumba ya Mtumiki ndi mimbari yake, amene iye anati ndi munda wa ku Janna. Atamwalira mu 632, anaikidwa m'chipinda cha mayi Aisha, ndipo pambali pake panadzagona Abu Bakr ndi Umar.

Chakumwera kwa mzindawu kuli mzikiti wa Quba, umene Mtumiki ankapitako Loweruka lililonse, nthawi zina wapansi, nthawi zina atakwera. Anaphunzitsa kuti wochita udhu kunyumba kwake, n'kukaswali ku Quba, amapeza malipiro ofanana ndi a Umra. Kumpoto kuli phiri la Uhud, kumene mu 625 kunaphedwa maswahaba pafupifupi 70, kuphatikizapo Hamza. Ngakhale kuti pamalopo panagwa chisoni chotere, Mtumiki ananena kuti phirilo limawakonda Asilamu ndipo iwonso amalikonda.

Koma tisaiwale anthu a mumzindamo. Eni mudzi, ma Ansar, analandira alendo amene anasiya nyumba ndi chuma ku Makka. Sa'd bin Rabi anafuna kugawa chuma chake pakati kuti apatse Abdurrahman bin Auf, koma mlendoyo anamudalitsa n'kungopempha kuti amulozere msika. Wina anali wopatsa, winayo sanafune kukhala mtolo. Mtumiki (SAW) anati kukonda ma Ansar ndi chizindikiro cha chikhulupiriro.

Choncho makolo amene mukusunga ndalama za Haji, mukafika ku Madina cholinga chanu chikhale kuswali mumzikiti wa Mtumiki, kenako mupereke salamu pamanda ake ndi a anzake awiri mwaulemu, osakweza mawu. Zopempha zanu zonse zilunjike kwa Allah yekha.

Ambiri a ife mwina sitidzapondako. Tisataye mtima, pakuti Abu Dawud akusimba kuti Mtumiki anatilamula kumupempherera madalitso kulikonse kumene tili, ndipo amamufika. Ndiponso khalidwe la ma Ansar silifuna tikiti ya ndege. Teremu ikubwerayi tilandira ophunzira atsopano a Fomu 1, ena ochokera kutali, opanda wowadziwa. Tiyeni tidzawalandire monga mmene Madina inalandirira alendo ake.