OPHUNZIRA ZA ZIPEMBEDZO AYAMBA NDI KUMVETSERA

PETAUKE: Mseu waukulu wocokera ku Chipata, ukapitirira Petauke ndi Nyimba ndi kuoloka mlatho wa Luangwa, umalowa mu Lusaka podzera pa khomo la Yunivesite ya Zambia. Caka ndi caka anyamata ndi asungwana a m'maboma awiriwa amayenda mseu umenewu atanyamula kamba wa nshawa ndi nthoci, ndipo ena mwa iwo amakalembetsa maphunziro a zipembedzo.

Makolo ambiri akamva zimenezi amakondwa, poyesa kuti mwana adzabwerako ali mbusa. Koma mwanayo akafika kumudzi pa nthawi yopumula, ayamba kufunsa ambuye ake za kawimba ndi za nsembe za mvula, mawa lake ali kuceza ndi Asilamu pa boma, madzulo ali kuwerenga buku lonena za Ahindu. Apa mitima ya makolo imayamba kuthamanga. Kodi ndalama za thonje ndi cimanga zija zalowa m'madzi? Kodi mwana wataya cikhulupiriro?

Nkhawa imeneyi si yopanda pake, koma imadza cifukwa ca kusokoneza sukulu za mitundu iwiri.

Mpingo ukafuna abusa kapena ansembe uli ndi sukulu zake. Mpingo wa Reformed Church in Zambia umaphunzitsa abusa ake pa Justo Mwale mu Lusaka, sukulu imene inayambira ku Madzimoyo, ndipo Akatolika ali ndi maseminale ao. Yunivesite ya Zambia ndi ya mtundu wonse. Inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba a m'midzi ndi m'matauni anasonkhako pomanga, posayang'ana mpingo wa munthu. Cotero cigawo cake ca maphunziro a zipembedzo, cimene cili m'sukulu yosula aphunzitsi, sicingakhale ca mpingo umodzi. Nchito yake ndi kukonza aphunzitsi a m'masekondale ndi anthu ofufuza mbiri ndi makhalidwe a zipembedzo.

M'zaka za m'ma 1970 mipingo ndi Unduna wa Maphunziro anapangana kuti ana aziphunzira phunziro limodzi la cipembedzo, m'malo mwakuti mpingo uli wonse uziphunzitsa katekisma wake m'kalasi. Pakati pa zaka za m'ma 1980 panabwera masilabasi awiri a kusekondale, 2044 ndi 2046, amene pamodzi ndi Cikhristu anaikamo Cisilamu, Cihindu ndi cipembedzo ca makolo. Mphunzitsi woimirira pamaso pa ana a Dachi, a Katolika, a Mboni za Yehova, a Pentekosite ndi a Cisilamu ayenera kudziwa za onsewa, ndi kulankhula mwakuti pasapezeke mwana wobwerera kunyumba atacititsidwa manyazi.

MWAMBO WA M'CIGAWO

Monga mudzi uli ndi malamulo ake, cigawo cimeneci cili ndi mwambo umene wophunzira amaulandira pang'ono-pang'ono.

Coyamba ndi kumvetsera asanaweruze. Wophunzira akalemba za cipembedzo ca anthu ena, ayenera kulemba mwakuti mwini cipembedzoco atawerenga abvomere kuti ndi momwedi amakhulupirira. Kunyoza kapena kucha anthu maina acipongwe sikumpatsa malikisi.

Caciwiri ndi umboni. Mau akuti “anthu amati” sakwanira. Ayenera kuonetsa amene ananena, kumene ananenera ndi tsiku lake, ndi kulinganiza mau a munthu mmodzi ndi a wina, kapena ndi zolembedwa zakale.

Cacitatu ndi kusaba nzeru. Kukopera zolemba za wina popanda kuchula mwini wake ndi mlandu waukulu pa yunivesite, ndipo munthu akhoza kulephera kapena kucotsedwa nao.

Cacinai cimadabwitsa amene anakulira m'mudzi. Wophunzira aloledwa kutsutsa mphunzitsi wake, malinga atsutse mwaulemu ndiponso ali ndi umboni m'manja. Nayenso mphunzitsi zolemba zake zimayesedwa ndi akatswiri anzake zisanasindikizidwe.

Mayeso safunsa ngati wophunzira amapemphera kapena iai. Ophunzira ambiri ndi aphunzitsi ao ndi anthu a m'mipingo. Bambo Brendan Carmody, wansembe wa Cijezuiti amene anaphunzitsapo pa yunivesiteyi, analemba mbiri ya sukulu za mishoni ya Chikuni motsata mwambo womwewu, osabisa zimene zinabvuta.

MBIRI IMENE IKANATAYIKA

Phindu la mwambo umenewu limaoneka pa mbiri ya mipingo ya kuno kum'mawa. Amishoni a Dachi anafika ku Magwero mu 1899, natsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr, kufupi ndi Nyimba, mu 1914. M'zaka za m'ma 1920 panamangidwanso Merwe, ndipo Akatolika anakhazika mishoni yao pa Minga. Malipoti amene amishoni anali kutumiza kwao anali kusimba kwambiri za azungu. Aphunzitsi ndi alaliki acikuda, amene anali kuyenda pansi mudzi ndi mudzi, kumanga timasukulu ta udzu ndi kuphunzitsa anthu kuwerenga, kawiri-kawiri anali kungowerengedwa monga nambala.

Mu 1982 mai wina wa ku Netherlands, Gerdien Verstraelen-Gilhuis, anatulutsa buku lofotokoza m'mene mpingo wa mishoni ya Dachi unasandukira Reformed Church in Zambia. Sanakhutire ndi makalata a amishoni okha, koma anakhala pansi ndi akulu a mpingo ndi kumva za m'kamwa mwao. Cifukwa ca kufufuza kotere, nkhani ya atsogoleri acikuda monga a Justo Mwale, amene anadzozedwa ubusa mu 1929, ndi ya Umwini umene mpingo unalandira mu 1966, inalembedwa monga eni ake anaionera.

Nchito yotere sinathe. M'maiko a mafumu Ndake, Nyalugwe, Luembe ndi Mwape, ndi kwa Mfumu Yaikulu Kalindawalo kumene Ansenga amasonkhana pa mwambo wa Tuwimba, alipo akulu odziwa m'mene makolo anali kupemphera mvula, m'mene cinamwali cinasinthira pofika mipingo, ndi amene anayamba kuimba nyimbo za Mulungu pa mudzi wakuti-wakuti. Maliro ali onse a nkhalamba amapita ndi zina zimene palibe anazilemba. Mwana wa m'dera lomwelo, wolankhula Cinsenga ndi wodziwa kugwada pamaso pa akulu, ndiye angazitole bwino koposa mlendo wodalira womasulira.

Ngakhale nkhani zotentha zimakambidwa m'cigawomu. Pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'ciyambi ca malamulo akulu a dziko, amenenso amateteza ufulu wa munthu ali yense pa cipembedzo. Aphunzitsi monga a Austin Cheyeka ndi a Melvin Simuchimba analemba zambiri pa nkhaniyi ndi pa zimene itanthauza m'kalasi. Ophunzira amawerenga mbali zonse, naphunzira kukangana ndi mnzao popanda kudana naye.

WOFUFUZA AKAFIKA PAMUDZI

Anthu a m'midzi ayenera kudziwa kuti mwambo umenewu umawatetezanso iwo. Wofufuza woona amayamba wafika kwa mfumu kapena kwa nyakwawa, naonetsa kalata ya ku yunivesite. Amafotokoza cimene afuna ndi kumene mauwo adzapita. Sajambula cithunzi kapena mau popanda cilolezo. Munthu ali ndi ufulu wakukana kuyankha, wakuleka pakati, ndi wakupempha kuti dzina lake lisalembedwe. Zinsinsi za ku cinamwali ndi za ku manda siziumirizidwa. Mlendo wocita mosiyana ndi zimenezi afunsidwe bwino kumene wacokera.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mwana wofunsa za kawimba sanasiye Mulungu wa makolo ake, ndiponso wolowa m'mzikiti ndi kope lake sanacoke mumpingo. Wina akhoza kugwedezeka pa zaka zoyamba, pakuti mafunso ena ndi olemera, koma amene apeza makolo ndi akulu a mpingo omuyankha modekha amabwerako wokhwima. Cotero mdzukulu akakhala pansi pa khonde ndi kutulutsa pensulo, ambuye ake acita bwino kumuyalira mphasa ndi kuyamba kusimba kuyambira pa ciyambi, dzuwa lisanalowe.